Amayi asaope kunyamula zitsulo

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amayi ndi atsikana a muno mu Lusaka amene amalipira ndalama mwezi ndi mwezi m'malo olimbitsira thupi, kuyambira ku Kabulonga mpaka ku Matero, koma amathawa zitsulo poopa kuti manja awo adzatupa ngati a mwamuna. Chimene amafuna ndi thupi lolimba lopanda mnofu wolendewera, ndipo ophunzitsa ena amawapatsa tizitsulo ta kilogalamu imodzi kuti anyamule kambirimbiri. Malangizo otere akuwatayitsa nthawi ndi ndalama.

Kuti thupi lioneke lolimba pamafunika kuti minofu ikule pang'ono ndiponso kuti mafuta amene aikuta achepe. Palibe masewera apadera oumba mnofu popanda kuukulitsa. Munthu akanyamula chitsulo chimene chimayamba kumulemera akafika pa maulendo 8 mpaka 12, mnofu umatopa kwenikweni, ndipo thupi limaumanganso ndi kuuwonjezera mphamvu pa nthawi yopuma, makamaka munthu ali m'tulo. N'chifukwa chake mnofu womwewo umafunika kuupumitsa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chitsulo chikayamba kupepuka m'manja ayenera kutenga cholemererapo. Kachitsulo kamene munthu angakanyamule akucheza pa foni sikakakamiza thupi kusintha.

Mantha otupa minofu alibe maziko. Chimene chimakulitsa minofu ya amuna mofulumira ndi testosterone, homoni imene thupi limapanga lokha, ndipo m'thupi la mkazi imapezeka yochepa kwambiri. Akazi amene timawaona pa mipikisano yoonetsa minofu atha zaka zambiri akunyamula zolemera ndi kudya mwa ndondomeko yokhwima, ndipo thupi lotero silibwera mwangozi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi malonda a malamba omanga pamimba ndi tiyi wochepetsa thupi amene adzaza pa Facebook ndi m'misika yathu. Lamba amangotulutsa thukuta, ndipo thukuta ndi madzi amene amabwerera munthu akangomwa. Ngakhale masewera a pamimba sasungunula mafuta a pamalo pomwepo, popeza thupi limachotsa mafuta paliponse pamene munthu akudya zochepa kuposa mphamvu zimene akugwiritsa ntchito. Ndalama za tiyiyo zikanagula kapenta, nyemba, mazira kapena soya, zimene minofu imafuna kuti ikule, ndipo nsima sifunika kuisiya koma kuchepetsako mitanda.

Malangizo a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization a mu 2020 amati munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera monga kuyenda ndawala. Izi n'zofunika koposa kwa amayi, chifukwa minofu imayamba kuchepa munthu akapitirira zaka 30, ndipo mafupa awo amafooka mofulumira akasiya kusamba. Ndikupempha eni malo olimbitsira thupi kuti alembe ophunzitsa odziwa ntchito, amene angaonetse mayi kanyamulidwe koyenera kuti asapweteke msana kapena mawondo.

Wowerenga wanu,
Chilenje, Lusaka