Lumo kapena lupanga: nkhani ya kumene mukukhalako

Achimwene,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo ndathokoza kumva kuti munafika bwino ndiponso kuti bondo lija lasiya kukusowetsani tulo. Kuno tilipo. Mvula inachedwa koma chimanga chamera, ndipo tikupalira. Mayi akunyumba akupereka moni, akutinso ndikufunseni ngati ufa munanyamula uja anakulolani kulowa nawo.

Chandikhazika pansi lero ndi keyala yanu. Mwati mwana wanu amakhala ku Saint-Cloud, chakumadzulo kwa Paris, ndipo mwadandaula kuti dzinali likukupindani lilime. Nditaliwerenga ndinaseka ndekha, chifukwa tauni imeneyo inatenga dzina la mwana wamasiye amene anapulumuka m'manja mwa abambo ake aang'ono. Zaka zonse tinkaphunzitsa limodzi zija munkandinena kuti ndimadziwa mafumu akufa kuposa anansi anga amoyo. Lero mwaponda m'munda mwanga, ndiye mupirire.

Mfumu ya nkhaniyi ndi Chlothar, mwana wotsiriza wa Clovis. Clovis ndiye anasonkhanitsa mtundu wa Afulanki, umene unapatsa dziko la France dzina, pansi pa ulamuliro umodzi, nabatizidwa kukhala Mkhristu. Atamwalira ku Paris mu 511, ana ake aamuna anayi anagawana dziko monga anthu amagawanirana munda wa bambo. Theuderic, wamkulu, wa mayi wina, anakhala ku Reims. Chlodomer anatenga Orléans, Childebert Paris, ndipo Chlothar anapatsidwa Soissons. Kwathu kuno ufumu sudulidwa zidutswa, mbumba imakhala pansi n'kusankha munthu mmodzi. Kumeneko mwana wamwamuna aliyense wa mfumu anali ndi gawo lake pongobadwa. Ndiye taganizani: m'bale wako akabereka ana atatu, ndiye kuti dziko limene ukanalowa iye akafa lapita kwa ana atatuwo. Chikwati chilichonse ndi chikuta chilichonse pabanjapo zinali ngati kusuntha malire.

Panalinso nkhani ya tsitsi. A banja lachifumu ankaweta tsitsi lalitali, ndipo chimenecho ndicho chinali chizindikiro chawo. Kummeta mwana wa mfumu kunali kumuvula ufumu n'kumukankhira kunyumba ya amonke.

Mu 524 Chlodomer anaphedwa pankhondo ku Vézeronce pomenyana ndi anthu a ku Burgundy. Musamumvere chisoni kwambiri, pakuti asanapite kunkhondoko anali atapha Sigismund, mfumu ya ku Burgundy, pamodzi ndi mkazi ndi ana ake, mitembo n'kuiponya m'chitsime. Koma anasiya ana aamuna atatu: Theodebald, Gunthar ndi Clodoald. Chlothar sanachedwe, analowa chokolo kwa mlamu wake Guntheuc. Anawo anakakhala kwa agogo awo, Clotild, mkazi wamasiye wa Clovis, amene anawakonda kwambiri.

Chikondi chimenecho ndicho chinamuwawa Childebert. Anatumiza uthenga kwa mng'ono wake kuti mayi athu akufuna kuwapatsa ana a m'bale wathu ufumu, bwera ku Paris tikambirane ngati tiwamete kapena tiwaphe. Kenaka anatuma mawu kwa mayi awo kuti tumizani anawo tiwalonge ufumu. Gogo uja anakondwera, anawadyetsa, anawamwetsa, n'kuwatumiza. Anawo atangofika anawalekanitsa ndi owalera. Pambuyo pake kwa Clotild kunafika mthenga dzina lake Arcadius, dzanja lina atanyamula lumo, lina lupanga losolola. Anati ana anu akufunsa kuti musankhe, adzukulu anu ametedwe akhale ndi moyo, kapena aphedwe. Gogoyo, mutu utazungulira ndi mkwiyo ndi chisoni, anayankha kuti ngati salowa ufumu, kuli bwino ndiwaone atafa kusiyana ndi kuwaona atametedwa. Mthengayo sanadikire kuti mtima wa gogo utsike. Anathamanga kukanena kuti mfumukazi yavomera.

Chlothar anagwira wamkulu, wa zaka 10, n'kumubaya ndi mpeni m'khwapa. Wamng'ono, wa zaka 7, anathamangira kwa Childebert n'kumugwira mawondo, akulira kuti bambo, ndipulumutseni. Childebert misozi inatsika, nayamba kupempha mng'ono wake kuti amusiye mwanayo, adzamupatsa chilichonse. Chlothar anamuyankha kuti mukankhe kapena ufe m'malo mwake, si iwe unayambitsa zimenezi? Childebert anamukankhadi mwanayo.

Ndikuuzeni, achimwene, pa anthu awiriwa amene amandinyansa kwambiri ndi Childebert. Chlothar anali chilombo chodziwika, ukachiona umathawa. Koma uyu woyambitsa chiwembu, wolira pakati pake, n'kudzalandirabe gawo lake la Orléans pamapeto, ndi mtundu wa munthu amene tonsefe tinakumana naye pamaliro ena ake, wolira mokweza usiku, m'mawa n'kumawerenga malata a nyumba ya malemu. Paja amati chibale ndi fupa sichiola. Kubanja la Clovis fupalo linkaphwanyidwa kuti atulutsemo mafuta.

Mwana wachitatu, Clodoald, anthu ena olimba mtima anamuzembetsa. Atakula sanafune kubwezera kapena kulimbirana ufumu. Anadzimeta yekha ndi dzanja lake, nakhala wansembe, ndipo anakakhazikika pamudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Seine, kumene anamanga nyumba ya amonke. Dzina lake m'kamwa mwa Afalansa linafupika kukhala Cloud. Pamenepo ndi pomwe mukugona inu usiku uno. Lumo limene agogo ake analikana iye analitenga yekha, ndipo mwa ana atatu aja ndi iye yekha anafa imfa ya pamphasa.

Zonsezi tikuzidziwa chifukwa cha Gregory, bishopu wa ku Tours kuyambira 573, amene analemba mbiri ya mafumuwa m'mabuku khumi. Ku Tours komweko ndi kumene Clotild anathera zaka zake zotsiriza akupemphera pafupi ndi manda a Martin woyera, choncho Gregory amamulemba mofewa, amati gogoyo sankadziwa chimene akunena. Mwina n'zoona. Koma mawu otuluka munthu atadzidzimuka nthawi zina amaulula zimene banja lonse limakhulupirira, kuti mwana wa mfumu wopanda tsitsi salinso munthu.

Musaganize kuti Chlothar yekha ndiye ankasaka abale ake. Iyenso ankasakidwa. Mu 531 anapita ndi mkulu wake Theuderic kukagonjetsa Thuringia, dera limene lero lili pakati pa Germany. Ali komweko Theuderic anamuitana kuti akambirane zachinsinsi, atabisa asilikali kuseri kwa nsalu imene anapachika m'nyumbamo. Tsoka lake nsaluyo inali yaifupi, mapazi a asilikali ankaonekera kunsi. Chlothar atadziwa, analowa ndi anthu ake onse atanyamula zida. Theuderic anasowa chonena, anayamba kulankhula izi ndi izi, ndipo pofuna kubisa manyazi anamupatsa mbale yaikulu yasiliva ngati mphatso. Mlendo atapita, mbale ija inayamba kumupweteka mtima, mpaka anatuma mwana wake Theudebert kuti akaipemphenso. Ndipo anakaitengadi! Nthawi zonse ndikafika apa ndimaseka, ngakhale nkhani yake ndi ya munthu wofuna kupha mng'ono wake.

Ku Thuringia komweko Chlothar anagwirako kamtsikana ka banja lachifumu, Radegund, ndipo katakula anakakwatira. Pambuyo pake anaphetsa mlongo wake wa mkaziyo. Radegund anachoka pabanja, anavala zausisitere, n'kukakhazikitsa nyumba ya masisitere ku Poitiers, ndipo mpaka lero Akatolika amamulemekeza ngati woyera. Mwa anthu onse amene anakhala pafupi ndi mfumuyi, amene anatuluka ndi ulemu ndi okhawo anaithawira ku tchalitchi.

Za akazi ake ena ndingokuuzani imodzi. Ingund, mkazi amene ankamukonda, anamupempha kuti amupezere mng'ono wake Aregund mwamuna wabwino ndi wachuma. Chlothar anapita kukamuona mtsikanayo, n'kumukwatira yekha. Pobwerako anauza mkazi wake kuti ndafunafuna mwamuna wanzeru ndi wolemera, koma sindinapeze wondiposa ine. Ingund anangoti chimene chakomera mbuyanga achite. Mwa ana a Ingund munali Charibert, Guntram ndi Sigebert, ndipo wa Aregund anali Chilperic. Ana a munthu ndi mng'ono wake, bambo mmodzi, koma chidani chimene chinadzabuka pakati pa Sigebert ndi Chilperic chinadya mibadwo iwiri.

Nzeru yaikulu ya Chlothar inali kukhalitsa. Abale ake ankafa mmodzimmodzi, iye n'kumatola. Burgundy anaigonjetsa mu 534 n'kugawana. Mu 555 Theudebald, mdzukulu wa Theuderic, anamwalira wopanda mwana, ndipo Chlothar anatenga dziko lonse la kum'mawa pamodzi ndi mkazi wamasiye, mpaka mabishopu atamudzudzula ndi pamene anamusiya. Mu 558 Childebert anamwalira wopanda mwana wamwamuna. Patatha zaka 47 chimwalirire Clovis, dziko lonse la Afulanki linabwerera m'dzanja limodzi, ndipo linali lalikulu kuposa limene Clovis anasiya.

Analigwira zaka zitatu zokha, ndipo zakazo zinali zowawa. Anali ndi mwana wina, Chramn, wa mayi winanso, amene anamutuma kukayang'anira dera la Auvergne. Mnyamatayo anayamba kudziyesa mfumu, ndipo amene ankamukolezera moto anali Childebert yemwe uja. Childebert atafa, Chramn anasowa pogwira, mapeto ake anathawira ku Brittany ndi banja lake. Mu 560 bambo anamutsatira ndi gulu lankhondo. Gregory akuti Chlothar anapita ngati Davide watsopano wokamenyana ndi Abisalomu, napemphera kuti Mulungu aweruze pakati pa iye ndi mwana wake. Chramn anagonja. Zombo zinali zokonzeka kunyanja, akanatha kuthawa, koma anabwerera kuti akapulumutse mkazi wake ndi ana ake aakazi, ndipo ndi pamene anamugwira. Bambo ake analamula kuti awatenthe onse. Anawatsekera m'kanyumba ka mayi wina wosauka, Chramn anamugoneka pabenchi n'kumupotokola pakhosi ndi nsalu, kenaka kanyumbako anakayatsa, mkazi ndi ana ali momwemo.

Inu ndinu mkulu wa mpingo, mukudziwa bwino kuposa ine kuti Davide analamula ankhondo ake kuti amuchitire chifundo mnyamatayo, ndipo atamva za imfa yake analira kuti ndikanafa ndine m'malo mwako. Fanizo la Gregory limathera pa pemphero basi. Ndipo m'nkhani yonseyi, mwamuna yekhayo wa banja la Clovis amene tikumuona akubwerera m'mbuyo chifukwa cha ana ndi wopandukayo.

Chaka chotsatira Chlothar anapita ku Tours ndi mphatso zambiri, nagwada pamanda a Martin woyera akubuula chifukwa cha machimo ake. Atabwerako anapita kokasaka nyama m'nkhalango ya Cuise, kumene thupi linayamba kutentha, ndipo anamutengera ku Compiègne. Ali gone, akuti ankanena kuti: "Wa! Mukuganiza bwanji, mfumu yakumwambayo ndi yotani, yomapha mafumu akuluakulu chonchi?" Mawu akuti "Wa" amenewo analembedwa momwemo, ngati mmene ife timanenera kuti "Ha!" Sindimvamo kulapa ine, ndimamvamo kudabwa kwa munthu amene wakumana koyamba ndi womuposa mphamvu. Anamwalira mu 561, atalamulira zaka 50, ndipo Gregory anawerengera kuti panali patatha chaka chimodzi ndi tsiku limodzi chiphedwere Chramn.

Ana ake anayi ananyamula maliro kupita nawo ku Soissons n'kumuika m'tchalitchi cha Medard woyera. Manda asanaume, Chilperic anathamangira ku Berny kukalanda chuma cha bambo ake, anagawira akuluakulu kuti akhale mbali yake, n'kulowa mu Paris. Abale ake atatu anamutulutsamo, ndipo anagawananso dziko panayi: Paris, Orléans, Reims ndi Soissons, mizinda yomwe ija ya mu 511. Zimene zinatsatira, za Fredegund mkazi wa Chilperic ndi Brunhild mkazi wa Sigebert, zikufuna kalata yakeyake. Ndidzalemba mukandiyankha iyi.

Tsono ndikutumeni, popeza mwati masana mumangokhala mwana akapita kuntchito. Mu Saint-Cloud momwemo muli tchalitchi chotchedwa Saint-Clodoald, mukachione ndipo munditumizire chithunzi pa WhatsApp ya mdzukulu wanga. Tsiku lina bondo likalola, mukafike ku Saint-Denis kumpoto kwa Paris. Kumeneko mu 1959 ofukula zakale anapeza pansi pa tchalitchi manda a mayi wovala zovala zamtengo wapatali, pachala ali ndi mphete yagolide yolembedwa dzina loti Arnegundis, ndipo akatswiri ambiri amati ndi Aregund yemwe uja, amene mkulu wake anapempha mfumu kuti imupezere mwamuna. Zokongoletsera zake zimasungidwa kunyumba yoonetseramo zinthu zakale ku Saint-Germain-en-Laye, komwe si kutali ndi kwanuko.

Mbuzi zanu zili bwino, yaikazi ija yabereka awiri. Denga la khitchini ladontha pangodya imodzi, ndauza mnyamata akonze Loweruka. Muvale zofunda, mwati kumeneko dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Mupereke moni kwa mwana wathu ndi apongozi.

Ndine mnzanu wakale,
wa kuseri kwa sukulu kuja