Kwa eni malo osewerera magemu ku Salima: Diablo III simungaiyendetse ngati mpira

Bwana, tikulemba pa tsamba lanu la Facebook chifukwa anyamata anu a pa kauntala tawauza kangapo koma palibe chikusintha. Ndife osewera ochokera ku Kamuzu Road ndi ku Senga Bay. Munachita bwino kutibweretsera Diablo III pa PS4, koma momwe mukuiyendetsera anthu akungotaya ndalama.

Gemu ya mpira imatha pakapita mphindi zochepa, wina n'kulandira padi. Iyi ndi ina. Munthu amasankha msilikali wake, kaya Barbarian wa nkhwangwa, Demon Hunter woponya mivi, Wizard wa matsenga kapena Crusader wa chishango, n'kumatsika naye m'mapanga ndi m'ndende za pansi pa nthaka kukapha zilombo. Zilombozo zikafa zimagwetsa golide, malupanga ndi zovala zankhondo, ndipo mtundu wa dzina la chinthucho ndi umene umauza mtengo wake: choyera n'chawamba, chabuluu n'chabwinoko, chachikasu n'chosowa, cha olenji ndi chobiriwira ndi zimene aliyense amasaka. Msilikali amakwera kuchoka pa levulo 1 mpaka 70, nkhani yake ili m'zigawo 5. Imeneyi ndi ntchito ya masiku ambiri, ndipo yonse imakhala mu sevu, fayilo imene gemu imasungiramo zonse zimene munthu wachita.

Vuto lalikulu lagona pamenepo. Makasitomala onse mukuwalowetsa pa dzina limodzi, ndiye kuti akaunti imodzi ya pa PS4. Mu gemu imeneyi golide ndi bokosi losungira katundu ndi za onse amene ali pa dzina limodzilo. Ndiye wina akasunga lupanga la olenji madzulo, mawa lake mwana wina amaligulitsa kapena kukaliphwanyitsa kwa wosula zitsulo wa mu gemu, osadziwa kuti lili ndi mwini. Ena akufufutiratu asilikali a anzawo. Zikatero sizibwereranso. PS4 imalola mayina 16 pa makina amodzi, ndipo dzina lililonse likhoza kukhala ndi nambala yachinsinsi. Kutsegula dzina sikulira ndalama. Apatseni osewera okhazikika dzina lawolawo, lina limodzi likhale la alendo ongoyesa.

Chachiwiri ndi magetsi. Gemuyi imaseva yokha, ndipo magetsi akathima ili mkati moseva, sevu ikhoza kuonongeka. Ngakhale makina ali pa Rest Mode, nyali ikuoneka ya olenji, sayenera kuzulidwa ku soketi, koma anyamata anu akamatseka usiku amangozimitsa pakhoma. Gulani UPS, batire yopitiriza kupereka magetsi akathima, ngakhale yaing'ono yongopatsa munthu mphindi zoti atuluke mu gemu n'kuzimitsa bwino. Komanso Loweruka lililonse kopererani masevu pa fulashi: pitani ku Settings, kenako Application Saved Data Management, Saved Data in System Storage, Copy to USB Storage Device. Fulashiyo ikhale ya FAT32 kapena exFAT. Mukanachita zimenezi musanafufute makina mwezi wathawu, bwenzi asilikali a anthu alipobe.

Nthawi ikatha musamangolanda padi. Muchenjezeni munthu kutatsala mphindi 5 kuti afike pa checkpoint, malo amene gemu imasungira pamene wafika, kapena abwerere kumudzi wa mu gemu kudzera pa khomo la matsenga lotchedwa town portal. Mapanga ambiri mu gemuyi amasintha maonekedwe munthu akalowanso, ndiye amene mwamudula pakati amakayambanso kufufuza njira, pa ndalama yake.

Pali zina zoti muziwauza anthu asanalipire. Popanga msilikali pali posankha Hardcore. Msilikali wa Hardcore akafa wapita basi, sadzukanso, ndipo ambiri akusankha pamenepo poganiza kuti ndiye kuti msilikali wamphamvu. Woyamba kumene ayambe pa Normal. Anthu 4 akhoza kusewera pamodzi pa TV imodzi popanda intaneti, zomwe n'zabwino kwambiri kuno kumene bandulo ndi yodula, koma mmodzi akatsegula chikwama kusintha zida ena onse amaima kudikira. Si chilungamo kuwalipiritsa aliyense ola lathunthu ngati kuti akusewera yekha. Ikani mtengo wa gulu.

Pomaliza, pa chikuto cha gemuyi palembedwa PEGI 16, kutanthauza kuti ndi ya anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo. Muli magazi, mitembo yoyenda ndi ziwanda, ndipo ana a ku pulayimale akumakhala kutsogolo ndi yunifolomu. Makolo akadzaona okha sadzafunsa kuti ndi gemu iti, adzaletsa ana kubwera pamalo ponse, ifenso n'kutaya malo osewerera. Aikireni ana mpira ndi magalimoto masana, Diablo III izisegulidwa madzulo kwa akuluakulu.

Tiyankheni pomwe pano kuti mayina a osewera mutsegula liti. Ngati anyamata anu sakudziwa kachitidwe kake, tibwera tidzawaonetse ulere.