Magulu okwera mapiri, tinyamuleko makasu popita ku Mulanje

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi anzanga amene timakwera nawo mapiri. Masiku ano magulu otere achuluka zedi. Mukaima pamsewu wa Midima Loweruka mbandakucha, muona maminibasi odzaza achinyamata atavala malaya ofanana, ulendo wa ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ena amalowera ku Zomba, a ku Lilongwe amapita ku Nkhoma, ku Bunda kapena ku Dedza. Ineyo ndili m'gulu limodzi lotere, ndipo zimandisangalatsa, pakuti kale kukwera phiri popanda chokatenga anthu ankakuona ngati zachizungu. Ife kuphiri tinkapitako kukatola nkhuni, kukasaka kapena kukapemphera. Pano aphunzitsi, anamwino, amabizinesi ndi ana asukulu akusonkherana ndalama kuti akaime pa Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo zithunzi zawo zadzaza pa Facebook.

Pempho langa ndi limodzi. Gulu lililonse, pa maulendo amene limakonza pachaka, lipatuleko umodzi woti likakonze njira zimene timapondazo.

Ambiri timaganiza kuti njira ya m'phiri imakhalapo yokha chifukwa anthu akuyendamo. Kuchigwa n'zoona, koma pamalo otsetsereka mapazi ndi amene amaiwononga. Taonani mmene zimayambira. Anthu akaponda malo amodzi kwa nthawi yaitali, udzu umafa ndipo dothi limatsika pang'ono poyerekeza ndi m'mbali mwake. Mvula ikagwa, madzi amapeza kuti njirayo ndiye poyenda posavuta, ndiye amaitsata. Chaka choyamba amangokokolola dothi lapamwamba. Chaka chachiwiri mizu ya mitengo ili pamtunda, timiyala tagwedezeka. Woyenda akafika pamenepo safuna kuponda m'matope kapena poterera, choncho amapatuka n'kuponda pambali, wachiwiri n'kumutsatira, ndipo pakutha pa nyengo imodzi pali njira ziwiri zoyandikana, ina chigwembe kale, ina ikudikira kusanduka chigwembe. Kumene njira imakhotakhota kuti chitunda chisawawe, pali anyamata a mphamvu zawo amene amadulira molunjika potsika, ati kufulumira. Chidule chimenecho ndicho madzi amachikonda koposa. Amene anakwerapo njira ya Skyline, yochokera ku Likhubula kupita ku Chambe, akudziwa mmene imaimirira, ndipo atha kuganiza yekha zimene madzi a mu Januwale amachita pamalo otero ngati palibe woapatutsa.

Pamwamba pa kuwonongeka kwa tsiku ndi tsikuku panadzabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tonse tikukumbukira maliro a ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje komweko. Zipsera za napolo zikuonekabe m'mbali mwa phirili ngakhale uli kutali pamsewu. Akuluakulu a ku Phalombe anali ataziwonapo kale zoterezi mu 1991. Sindikunena kuti khasu la munthu wa ku Blantyre lingaimitse napolo, ayi. Ndikunena kuti mvula yamphamvu ikadutsa imasiya miyala itasuntha, timilatho ta mitengo titapita, mitsinje itasintha powolokera, ndipo pamafunika manja ambiri kuti njira zibwerere m'chimake.

Ntchito yake si yofuna sukulu, koma ili ndi luso lake. Chachikulu pa zonse ndi kuchotsa madzi m'njira. Umakumba kangalande kodutsa njira mopingasa, kopendekera kumunsi, n'kuika miyala m'mphepete mwake kuti madzi akafika pamenepo akhotere kutchire asanatenge liwiro. Pamalo otsetsereka kwambiri timangalande timeneti timayenera kuyandikana. Ndipo sutikumba kamodzi n'kuiwala, chifukwa masamba ndi mchenga zimatitseka, choncho chaka chilichonse mvula isanayambe wina ayenera kudutsa ndi khasu kutifukula. Popanga masitepe, mwala woyenera ndi umene munthu mmodzi sanganyamule yekha. Umaukumbira pokhala, n'kuuika mopendekera pang'ono kumtunda, kenako n'kutsendera timiyala ting'onoting'ono m'mbali mpaka utasiya kugwedera ukaupondapo. Mwala wopepuka umaoneka bwino tsiku lomwelo, koma mvula yoyamba imautenga, kapena umatembenuka pansi pa phazi la munthu amene wasenza katundu. Chidule chimene anthu adula sutseka ndi mawu, umachitseka ndi nthambi ndi miyala kuti udzu umerenso. Mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, imakhala nthawi ya chikwakwa ndi chikwanje, kulambula udzu ndi zitsamba zimene zatseka njira.

Zonsezi ine ndinaziphunzira kwa anthu onyamula katundu ndi olondolera alendo, amene ambiri timangowatchula kuti mapota ndi magaidi. Tsiku lina tikutsika, bambo wina amene anatisenzera chikwama anaima mwadzidzidzi, natula katundu, n'kuyamba kufukula ndi chidendene cha nsapato yake kangalande kamene kanatsekeka ndi masamba. Sanalankhule kanthu, sanatiyang'anenso. Madzi amene anali atayamba kutsata njira anakhota nthawi yomweyo. Anasenzanso katundu tinapitirira. Kwa iye njirayo ndi kuntchito, amaiyenda atasenza zolemera pamene ife tanyamula botolo la madzi ndi foni.

Sikuti palibe amene akuchitapo kanthu. Phiri la Mulanje lakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927, ndipo Dipatimenti ya Zankhalango ndiyo imaliyang'anira. Bungwe la Mountain Club of Malawi, limene linayamba mu 1952, lakhala likuthandiza kusamalira nyumba zogonamo alendo pamwamba paja, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo, ndipo mamembala ake amachita zimenezi mongodzipereka. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust nalo lagwira ntchito yaikulu yolambula njira zotchinga moto, kuzula mitengo yachilendo imene ikulanda malo ndi kubzala mkungudza. Koma phirili ndi lalikulu, njira zake n'zambiri, zochokera ku Likhubula, ku Fort Lister, ku Lujeri ndi kwina, ndipo chiwerengero cha ife oyendamo chakula msanga kuposa cha okonza.

Ndipo chikulabe. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao amene amalilemekeza ngati malo a mizimu. Tinasangalala tonse. Koma walira mvula walira matope. Dzina likatchuka alendo amachuluka, ndipo mlendo aliyense amabwera ndi mapazi awiri.

Ndikudziwa zimene ena andiyankhe, chifukwa ndazimvapo m'gulu lathu lomwe. Akuti timalipira polowa, timalipira pogona, ndiye tikagwirenso ntchito ya boma? Funso limeneli si lopusa. Ndalama zimene timapereka tiyenera kufunsa kumene zimapita, ndipo n'koyenera kuti gawo looneka lizibwerera kuphiri komweko. Tifunse ndithu, polemba makalata ngati ino. Koma pamene tikudikira yankho, mvula sidikira, ndipo bondo limene lidzathyoke pa mwala wogwedera lidzakhala la mnzathu kapena la pota, osati la amene akusunga mabuku a ndalama.

Yankho lachiwiri ndi limene limandipatsa maganizo kwambiri. Anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo ali ndi mbiri yowawa ya thangata, pamene makolo awo ankagwira ntchito m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pamalo. Kwa munthu wa kumeneko nkhani ya ntchito yopanda malipiro si yoseketsa. Komanso kulambula njira ndi kukonza milatho ndi ganyu amene amadyetsa mabanja m'midzi yozungulira phiri. Ngati ife a m'tauni, amene tili ndi malipiro a pamwezi, tipita kukagwira ntchitoyo ulele kuti wina asalembe anthu akumudzi, ndiye kuti tawalanda nsima pakamwa uku tikudzitama. Zimenezo ine sindikupempha. Odzipereka tikhale ife. Anthu akumeneko alipidwe, ndipo awalipire ndi gulu lathu. Pa ndalama zimene timasonkha za minibasi, malaya ndi nyama yootcha, tionjezepo ya magaidi ndi mapota oti akhale akapitawo athu tsiku limenelo. Iwo aloze pofunika kukonza, ationetse kaikidwe ka mwala, ife tinyamule, tikumbe, timvere. Zida tikagula, makasu, mapiki, zikwakwa, tizisiye m'manja mwa bungwe lawo. Ndipo tisanakhudze chilichonse tikapemphe chilolezo ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, popeza m'nkhalango yotetezedwa munthu sungangofika n'kuyamba kudula ndi kukumba mmene wafunira.

Pali ntchito ina yopepuka imene ngakhale amene msana umawavuta angathe, koma ndiyo imapulumutsa moyo: zizindikiro za njira. Kuchokera ku Chisepo kupita pa Sapitwa mbali yaikulu ndi thanthwe ndi miyala ikuluikulu, popanda dothi loti mapazi asiyepo mkwaso. Munthu amatsata penti wofiira wopakidwa pamiyala. Kukawala, penti wofufuka amaonekabe. Koma chiperoni chikafika, makamaka miyezi yozizira, nkhungu imatseka moti mnzako amene ali patsogolo pang'ono sumuona, thanthwe limaterera, mphepo imalowa m'mafupa. Phirili latengapo anthu. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasochera atapitirira yekha kulowera ku Sapitwa, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Nkhani imeneyi imatiphunzitsa kusayenda popanda gaidi, inde, komanso imatikumbutsa kufunika kwa kachitini ka penti ndi bulashi. Apanso tisapake mwachisawawa. Chizindikiro cholakwika n'choopsa kuposa kusowa kwake. Ndipo amene amalemba mayina awo ndi a zibwenzi zawo pamiyala, chonde penti ameneyo mutipatse ife tikamugwiritse ntchito yoyenera.

Za moto ndinenepo pang'ono. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe pa Mulanje pokha. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala, ina yonse itapita ndi macheka ndi moto. Mbande zimene zabzalidwa zaka zimenezi mdani wake wamkulu ndi moto wolusa wa m'chilimwe, ndipo njira yolambulidwa bwino imathandiza ozimitsa moto kufika msanga. Ife okwera tili ndi mbali yathu apa: ndudu, moto wophikira panjira, ndi chizolowezi chouza mlonda wa panyumba kuti asonkhezere nkhuni usiku wonse pamene tikuimba. Nkhuni zimenezo sizigwa kumwamba, wina amakazidula m'nkhalango yomwe tabwera kudzaiona.

Zinyalala sindichedwapo. Amene anafika pa Dziwe la Nkhalamba, la mumtsinje wa Likhubula, tsiku lotsatira tchuthi akudziwa. Mabotolo, mapepala a masiwiti, mbale zotaya. Ukatha kukwera nalo botolo lili lodzaza, ungalephere kutsika nalo lili lopanda kanthu? A ku Blantyre tikumbukirenso kuti kuyambira 2019 ena mwa madzi a m'mipopi yathu amachokera mumtsinje wa Likhubula, kudzera ku Nguludi.

Ndatchula kwambiri Mulanje chifukwa ndiko mtima wanga uli, koma gulu limene lilibe ndalama ya ulendo wautali lisadandaule. Michiru ali pakhomo pomwepa. Soche ndi Ndirande, amene tinawameta tokha, akufuna mitengo ndi timangalande kuposa phiri lina lililonse. Ku Zomba, njira ya Potato Path imene imachokera m'tauni kukwera ku Ku Chawe amayendamo tsiku ndi tsiku amayi osenza nkhuni ndi ogulitsa zipatso, ndipo kuikonza n'kuthandiza iwo poyamba, alendo pambuyo. Othamanga mpikisano wa mapota, umene umachitika pa Mulanje chaka ndi chaka, nawonso angapatule tsiku la khasu mpikisano usanafike, pakuti palibe amene amadziwa kuopsa kwa mwala wogwedera kuposa munthu wotsika phiri akuthamanga.

Mwezi woyenera kufukula ngalande ndi Okutobala, mvula isanagwe, ngakhale kuti kumatentha. Tiyambe m'mamawa, pofika masana tikhale tamaliza, madzi akumwa tinyamule okwanira. Atsogoleri a magulu akambirane kuti tisaunjikane tonse pa njira imodzi ya Likhubula pamene za ku Phalombe zikusowa munthu. Gulu lililonse litenge chigawo chake, lizibwererako chaka ndi chaka, kuti lidziwe ngalande zake ndi kuona ngati miyala imene linaika yapirira dzinja.

Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti magulu akakutumizirani masiku a ntchito yotereyi muziwalengeza monga mumalengezera mipikisano ya mpira, kuti amene alibe gulu adziwe kokajowina. Mutumizekonso mtolankhani akacheze ndi mapota ndi magaidi a ku Likhubula ndi ku Fort Lister, awafunse njira zimene zawonongeka kwambiri chichokereni Freddy ndi zimene akufuna kuti tiyambire.

Ine wanu,
Wokwera mapiri,
Limbe