Ndege ya leza payokha siingatiuze ngati mitengo ikukwera phiri

Akonzi,

Anthu akaona mapu opangidwa ndi LiDAR, njira yoyezera malo ndi kuwala kwa leza (laser) kuchokera m'ndege, amathamangira kunena kuti nkhalango yakwera phiri chifukwa dziko likutentha. Tiloleni tifotokoze pomwe pagona vuto.

M'mapiri aatali ngati Alps kapena a ku Norway muli msinkhu pomwe mitengo imathera, kawirikawiri pomwe nyengo yomera imafunda madigiri 6 kapena 7 okha. Ndege imadutsa pamwamba ikuwomba kuwala kwa leza pansi, makina n'kumawerengera nthawi yomwe kuwalako kwatenga kuti kubwerere. GPS ndi kachipangizo koyeza kupendekeka kwa ndege zimapereka malo a dontho lililonse pomwe kuwalako kwagunda. Kompyuta imalekanitsa madontho ogunda nthaka ndi ogunda zomera, ndipo mpata wapakati pake ndiwo kutalika kwa mtengo.

Koma mitengo ya kumeneko ndi yopinimbira. Kamtengo kolekeza m'chiuno, ngati madontho ali awiri okha pa sikweya mita, leza ikhoza kukaphonya osakakhudza n'komwe. Ikakakhudza, nthawi zambiri imagunda nthambi osati nsonga, kamtengoko n'kuoneka kakafupi kuposa mmene kalili. Mwala wa masentimita 60 ndi chitsamba cha msinkhu womwewo zimaoneka zofanana. Choopsa kwambiri ndi kutsetsereka: pa phiri lopendekeka madigiri 45, mapu awiri a zaka zosiyana omwe akuyerekezedwa akasemphana ndi masentimita 30 cham'mbali, kompyuta idzanena kuti zomera zatalika kapena zafupika ndi masentimita 30, chikhalirecho mitengo ya kumeneko imangowonjezera masentimita ochepa pachaka.

Choncho ulendo wachiwiri wa ndege uchitike mwezi womwewo, masamba ali pamtengo, chipale chitasungunuka, ndege ili pamtunda womwewo ndi makina ofanana. Mapu awiriwo agwirizanitsidwe pa matanthwe opanda zomera, ndipo agwiritse ntchito chithunzi chimodzi cha nthaka. Zaka ziwiri kapena zitatu pakati pa maulendo awiriwa sizikwana. Ife timati dikirani zaka 10. Ndipo anthu apite ndithu ndi tepi kukayeza mitengo pa malo okhomedwa zikhomo.

Ngakhale kusintha kutapezeka, chifukwa chake sichikhala kutentha kokha. Kafukufuku wa 2009 wa malo 166 padziko lonse anapeza kuti malire pomwe mitengo imathera anasunthira patsogolo pa 52 peresenti ya malowo. Nkhosa ndi mphalapala zoweta za kumayiko ozizira (reindeer) zikachepa m'phiri, timitengo timene zinkadya timaphuka, ndipo leza singasiyanitse zimenezi ndi zotsatira za nyengo.

Ndife anu,
Oyeza nkhalango