Ena akuthawa abale awo omwe

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu othawa kwawo. Ambirife tikamva mawu amenewa timaganiza za mfuti ndi msasa wa Dzaleka ku Dowa, kumene anthu oposa 50,000, ambiri a ku DRC, Burundi ndi Rwanda, apanikizana pamalo amene adakonzedwera anthu pafupifupi 10,000. Koma pali wothawa wina amene sitimukamba. Uyu amapirikitsidwa ndi bambo womubereka, amalume ndi alongo ake, mlandu wake uli woti wasiya kupemphera kumene iwo amapemphera.

Mu May 2014 khoti la ku Khartoum m'dziko la Sudan lidagamula kuti mayi Meriam Ibrahim anyongedwe pa mlandu wotuluka Chisilamu. Bambo awo adali Msilamu, koma adaleredwa ndi mayi awo, Mkhristu wochokera ku Ethiopia, ndipo adakwatiwa ndi Mkhristu. Adawapatsa masiku atatu kuti asinthe maganizo, iwo adakana. Adali oyembekezera, moti adachirira m'ndende ya amayi ku Omdurman, mwana wawo woyamba, wosakwana zaka ziwiri, ali nawo momwemo. Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'choti amene adakawaneneza kuboma sadali alendo ayi, adali achibale. Dziko litachita phokoso khoti la apilo lidawamasula, ndipo mu July chaka chomwecho adanyamuka kupita ku Italy, kenako ku America. Sudan idadzachotsa lamulo lopha munthu wotuluka chipembedzo mu 2020.

Wina asathamangire kunena kuti ndi mmene alili Asilamu. Mu June 2018 zigawenga zitaukira midzi ya ku Barkin Ladi m'chigawo cha Plateau ku Nigeria, shehe wina wokalamba, Abubakar Abdullahi, adabisa Akhristu 262. Amayi adawalowetsa m'nyumba mwake, abambo mumzikiti. Amfuti aja atafika n'kulamula kuti awatulutse, gogoyu adakana, n'kudzigwetsa pansi pamaso pawo kuwachonderera mpaka adachoka. Atafunsidwa pambuyo pake adakumbutsa kuti malo amene padamangidwa mzikitiwo adapereka ndi Akhristu a m'mudzimo zaka zambiri zapitazo.

Nanga ife kuno? Tili ndi mbiri yabwino, sindikana. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tidasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu palibe amene ankayamba wafunsa mpingo wa munthu asadamupatse phala. Komanso tili ndi mbiri ina imene timaidumpha. Boma lidaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo mu 1972 masauzande a iwo adathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique, atamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Owamenyawo ambiri adali anyamata a m'midzi yawo yomwe, owadziwa maina. Chiletsocho chidatha mu 1993. Pamenepa othawa chifukwa cha chikhulupiriro adali Amalawi, opirikitsa adalinso Amalawi.

Lero gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro. Boma silikumanganso munthu pa zimenezi. Koma lamulolo likafika pakhomo pa bambo limathera pampanda.

Kudera kumene ndimakhala, mtsikana wina wa Fomu 3, mwana wa mkulu wa mpingo, adayamba kupita kumzikiti ndi anzake. Tsiku limene adabwera atavala hijabu adapeza zovala zake zili m'thumba la feteleza pakhonde, mabuku ali pamwamba. Bambo ake adangoti, “Kuyambira lero fizi akulipirire amene akukupemphererawo, ndipo ukadzafa nyimbo zathu sizidzamveka pamaliro ako.” Mayi ake ankasuzumira pazenera, osatulutsa mawu. Amene adamutenga usiku umenewo ndi mayi wina wogulitsa mandasi, wa Mvano, wa mpingo womwewo wa bambo ake. Adamuyalira mphasa pamodzi ndi ana ake, ndipo m'mwezi wa Ramadan ankamusiyira nsima m'mbale yovindikira kuti adye m'bandakucha. Anzake kumpingo adamunena kuti akulimbikitsa mwano. Iye ankangoyankha kuti mwana wamkazi sagona panja.

Nkhani zotere zimachitikanso mbali inayo. Mnyamata wa m'banja la Chisilamu akabatizidwa, mtsikana wa Chikatolika akalowa mpingo wa Pentekoste, kapena wina akangoti zopemphera wasiya, zimene amakumana nazo n'zomwezi: fizi imaduka, mbale yake imaikidwa payokha, munda umene adamulonjeza umapita kwa wina. Timakonda kunena kuti chibale n'fupa sichiola, koma m'mabanja ena chimaola sabata imodzi yokha. Ndikumvetsa kuti kholo limamva kuwawa. Limakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana wake akutayika, ndiponso limaopa manyazi pamaso pa akuluakulu anzake. Koma sindidaonepo mwana amene njala ndi kugona panja zidamubwezera kwa Mulungu wa makolo ake. Amene amabwerera mwa njira imeneyi amabwerera nsima basi.

Pempho langa likupita kwa atsogoleri a zipembedzo. Bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) lakhala likuika mabishopu, abusa ndi mashehe patebulo limodzi kuyambira 1992, ndipo pa ndale salephera kutulutsa chikalata. Atulutsenso china chouza makolo momveka kuti kupirikitsa mwana chifukwa cha chipembedzo n'kulakwa, ndipo chiwerengedwe Lachisanu m'mizikiti, Loweruka ndi Lamulungu m'matchalitchi. Mafumu nawonso milandu yotere ikawafika asamaibweze kuti ndi za m'banja. A zachisamaliro cha anthu m'maboma adziwe kuti ana amenewa alipo, chifukwa pakali pano amene akuwasunga ndi amayi a mandasi, ndi ndalama zawo za mpamba.

Ndine wowerenga wanu,
Kholo lokhudzidwa,
Salima