Madokotala aphunzitsidwe kufunsa odwala za ntchito imene amagwira

A Mkonzi,

Ndiloleni kuti kudzera m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi akuluakulu a Medical Council of Malawi, aphunzitsi a ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), komanso anzanga onse amene amaona odwala m'zipatala zathu, pa nkhani ya maphunziro owonjezera amene timachita tili kale pantchito, aja timangowatchula kuti CPD. Ndaona odwala kwa zaka zambiri m'zipatala za m'chigawo chapakati, ndipo chaka ndi chaka ndakhala ndikutolera mapointi a maphunzirowa kuti chiphaso changa chogwirira ntchito chisathe mphamvu. Za malungo, za HIV, za uchembere wabwino ndi za chifuwa chachikulu ndaziphunzira mobwerezabwereza, ndipo mpake kutero chifukwa ndi matenda amene atimalizira anthu. Koma maulendo amene ndinamvapo mphunzitsi akukamba za matenda amene munthu amadwala chifukwa cha ntchito yake sangakwane zala za dzanja limodzi.

Chimene chandikakamiza kulemba ndi bambo wina wachikulire amene ndinamuona zaka zingapo zapitazo. Anabwera akutsokomola, ataonda, akuchita phuma akangoyenda kuchokera pa benchi kufika pakhomo la chipinda changa. Makhololo ake sanaonetse kachilombo ka TB, koma titamujambula pachifuwa panaoneka timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri chakumtunda kwa mapapo onse awiri. Ine ndinachita zimene ndinazolowera: ndinamuyambitsa mankhwala a TB, iye anamwa mokhulupirika miyezi 6 yonse, koma phuma silinasinthe. Patapita chaka anabweranso, ndipo ndinali pafupi kumulemberanso mankhwala omwe aja pamene mayi akunyumba kwake, atakhala pansi pafupi ndi chitseko, anati: “Adokotala, chifuwachi anabwera nacho kuchokera ku Joni.” Nditafunsa bwino, bamboyo anandiuza kuti anakhala zaka zoposa khumi pansi pa mgodi wa golide akugwira makina oboolera miyala, ndipo anatulutsa m'thumba la malaya kakhadi kake ka ku mgodi kokulungidwa m'pulasitiki. Maulendo onse amene ndinamuona, funso lakuti ankagwira ntchito yanji silinatulukepo pakamwa panga, ndipo mpaka lero nkhaniyi imandiwawa mumtima.

Matenda amene bamboyo anali nawo ndi silicosis. Amayamba munthu akamapuma fumbi losalala kwambiri lochokera ku miyala yolimba, fumbi limene maso saliona, limene limakakhazikika m'mapapo n'kumachititsa zipsera pang'onopang'ono mpaka mapapo kuuma. Nthawi zambiri amaonekera patatha zaka 10, 20 kapena kuposerapo, munthu atasiya kale ntchito n'kubwerera kumudzi, ndipo mankhwala ochiza palibe. Choopsa china n'chakuti munthu wa silicosis amagwidwa TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa munthu amene mapapo ake ali bwino, moti kuyeza TB mwa anthu otere n'koyenera ndithu. Vuto limabwera pamene dokotala akudziwa TB yokha, chifukwa chithunzi chilichonse cha pachifuwa chokhala ndi madontho amachiwerenga ngati TB, munthu n'kumwa mankhwala owawa kawiri katatu popanda phindu, pomwe chisamaliro chimene akufunikiradi sachilandira.

Anthu otere m'dziko muno alipo ambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anzathu ambiri amene ankabwerera kwawo, boma linaimitsa kulemba anthu, kenaka ntchitoyo inayambiranso pansi pa Theba mpaka cha mu 1988. Anyamata a nthawi imeneyo ndi agogo amene akukhala pa mabenchi athu lero. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni ngati chipukuta misozi kwa amene anadwala silicosis ndi TB, khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizilipira amene anagwira ntchito m'migodiyo kuyambira mu 1965 mpaka 2019, pamodzi ndi mabanja a amene anamwalira. Ndalama zimenezi zimatuluka pokhapokha pali umboni wa kuchipatala. Ndiye ngati kabuku ka kuchipatala ka munthu kangolembedwa kuti TB, TB, popanda liwu limodzi lonena za mgodi, ifeyo ndi amene tamutsekera njira.

Funso limene ndikunenali ndi lakalekale. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku lonena za matenda a anthu ogwira ntchito zosiyanasiyana mu 1700, ndipo analangiza kuti pa mafunso onse amene sing'anga amafunsa wodwala, aziwonjezerapo lakuti kodi amagwira ntchito yanji. Patha zaka zoposa 300, koma ife timalemba dzina, mudzi, mfumu ndi chipembedzo, ndipo pa malo a ntchito timangoti “mlimi” kapena “bizinesi”, mawu amene sauza dokotala kanthu.

Taganizani za liwu lakuti mlimi ku Kasungu, Mchinji kapena Dowa m'miyezi yothyola fodya. Munthu akalowa m'munda m'mamawa mame asanakamuke, n'kumakolekera masamba onyowa m'khwapa malaya atanyoweratu, chikonga cha m'fodya chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Pofika masana amayamba chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi kufooka. Akafika kuchipatala timamuyeza malungo, ndipo akapezeka alibe timamuuza kuti mwina anadya chinachake, iye n'kubwerera kumunda komwe kuja m'mawa mwake. Ana a matenanti, amene matupi awo ndi aang'ono, ndi amene zimawagwira msanga. Dokotala wophunzitsidwa akhoza kuzindikira vutoli pongofunsa kuti munthuyo wagwira chiyani tsikulo, ndipo uphungu wake ndi wosalira ndalama zambiri: kudikira kuti masamba aume mame, kuvala chotchinga madzi, kusintha zovala zonyowa ndi kusamba akangoweruka. Mlimi yemweyo amapoperanso mankhwala ophera tizilombo opanda chotchinga kumaso, chopoperacho chikudontha kumsana. Pa mankhwala amenewa ambiri a ife timadziwa kupulumutsa munthu amene wamwa, amene wabwera akutuluka dovu ndi thukuta, mboni za m'maso zitachepa, chifukwa timadziwa kuti mankhwala a atropine ndiye ofunika. Koma uja amene akulowedwa poizoni pang'onopang'ono nyengo yonse yolima, amene amangodandaula za mutu ndi kuona zachimbuuzi, timamupatsa panado.

Ndikanatha kunena zambiri za wogwira ntchito m'chigayo amene pofika zaka 40 samvanso bwino chifukwa phokoso loposa madesibelo 85 tsiku lonse limaononga makutu osabwereranso, za amayi ophwanya miyala m'mbali mwa misewu amene akupuma fumbi lofanana ndi la ku Joni, za owotcherera zitsulo opanda magalasi, ndi za okumba golide ku Makanjira ndi madera ena kumene ena amagwiritsa ntchito mekyule. Palinso odula nzimbe m'malo otentha. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador madokotala anapeza kuti anyamata ambiri odula nzimbe akuonongeka impso popanda shuga kapena BP, ndipo kutentha ndi kusowa madzi m'thupi ndi zina mwa zimene akuziganizira kwambiri. Dokotala wa ku Chigwa cha Shire ayenera kuidziwa nkhani imeneyi kuti akaona mnyamata wa impso zofooka azifunsa za kumunda.

Malamulo tili nawo. Pali lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la mu 1997, palinso lamulo la chipukuta misozi kwa ogwira ntchito la mu 2000, ndipo mu 2019 dziko lathu linavomereza mapangano a ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, okhudza chitetezo ndi umoyo wa pantchito, kuphatikizapo la ntchito za ulimi. Koma lamulo la chipukuta misozi limadalira kwambiri cholembera cha dokotala. Munthu akaduka zala pa makina amabwera ndi fomu yochokera ku ofesi ya zantchito, ndipo ifeyo timayenera kulemba kuti walumala pa mlingo wanji, nambala imene imakasanduka ndalama zimene banja lake lidzadalire. Ndaonapo anzanga achinyamata atagwira fomuyo akufunsana kuti alembe chiyani, ndipo ine ndemwe ndinaphunzira poonera amene ndinawapeza, amenenso anaphunzira poonera ena. Kuvulala kumaoneka ndi maso, choncho fomu imabwera. Matenda obwera mwakachetechete monga a mapapo, a makutu ndi a khungu safika n'komwe ku ofesi ya zantchito ngati dokotala sanawalumikize ndi ntchito. Mabungwe a WHO ndi ILO anawerengera kuti mu 2016 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni padziko lonse anamwalira pa zifukwa zokhudza ntchito, ndipo ochuluka zedi mwa iwo anafa ndi matenda osati ngozi.

Ndikudziwa zimene anzanga anganene, chifukwa inenso ndinkanena zomwezo: mzere ndi wautali, odwala ndi oposa 100 pa tsiku, makina oyezera mphamvu ya mapapo kulibe, ndiye kufunsa za ntchito kuthandiza chiyani? Yankho langa n'lakuti kufunsa munthu ntchito imene akugwira, imene anagwirapo kale, kwa zaka zingati, komanso ngati amapezako bwino akakhala masiku osapita kuntchito, sikutha mphindi imodzi, pamene kumwetsa munthu mankhwala olakwika kumatha miyezi 6 ndi ndalama za boma. Chimene chikusowa kwambiri n'chakuti dokotala adziwe chochita ndi yankho limene walandira, ndipo apa ndi pamene maphunziro owonjezera ayenera kulowapo.

Pempho langa ku Medical Council n'lakuti gawo lina la mapointi a CPD likhale la matenda a kuntchito, ndipo likhale lokakamiza kwa aliyense woona odwala. Lisakhale la madokotala a digiri okha, chifukwa kumudzi munthu woyamba kumuona wodwala ndi clinical officer, medical assistant kapena namwino. Maphunzirowo agwirizane ndi dera: wa ku Rumphi aphunzire za fumbi la malasha, wa ku Thyolo ndi Mulanje za msana, mawondo ndi mankhwala a m'minda ya tiyi, wa ku Kasungu za fodya. Sipakufunika kusonkhanitsa anthu ku hotela ya kunyanja ndi maalawansi. Ola limodzi pa msonkhano wa m'mawa wa pachipatala cha boma, ndi zithunzi zenizeni za pachifuwa zitaikidwa pambali pa zithunzi zachitsanzo zimene ILO inakonza zothandiza kuwerenga matenda a fumbi, lingasinthe kaonedwe ka munthu. Ndipo kamodzi pachaka ophunzirawo atuluke m'chipatala akalowe m'chigayo, m'chigafa kapena pa malo ophwanyira miyala, chifukwa amene waimapo m'fumbi limenelo kwa mphindi 20 saiwalanso kufunsa.

Aphunzitsi tingawapeze. Mayunivesite a ku Cape Town, Witwatersrand ndi Pretoria ali ndi maphunziro a dipuloma a umoyo wa pantchito amene dokotala amachita ali pantchito yake, ndipo anzathu a ku Zambia ali ndi malo oyezera matenda a fumbi ku Kitwe amene akhalapo kwa zaka zambiri chifukwa cha migodi ya kopa. Boma litatumiza anthu owerengeka chaka chilichonse, n'kupempha KUHeS kuti ikonze maphunziro aafupi ogwirizana ndi ntchito za kuno kwathu, posakhalitsa chipatala chachikulu chilichonse chikhoza kukhala ndi munthu woti tizimutumizira odwala. Migodi yatsopano ikukambidwa m'maboma angapo, ndipo n'kwabwino kuti ogwira ntchito ayezedwe asanalowe, kuti pakadzapita zaka pasadzakhale mkangano wakuti matendawo anabwera nawo.

Pali mbali inanso imene maphunzirowa asaisiye, ndiyo chilungamo cha dokotala wolembedwa ntchito ndi kampani. Iye amalandira malipiro kwa bwana yemweyo amene fumbi kapena mankhwala ake akudwalitsa anthu, ndipo pamafunika kuphunzitsidwa bwino kuti adziwe kuti bwana angauzidwe zakuti munthu angathe kugwira ntchito kapena ayi, koma matenda a munthuyo ndi chinsinsi chake, komanso kuti kubisa matenda a kuntchito pofuna kuteteza kampani n'kulakwira lumbiro. Ifenso achipatala tisadziiwale, pakuti timabayidwa ndi singano, timapuma mpweya umodzi ndi odwala TB m'mawodi opanda mawindo okwanira, ndipo alipo anzathu amene sanalandirepo katemera wa hepatitis B kapena amene akabayidwa amachita manyazi kukayamba PEP, mankhwala oteteza ku HIV, maola 72 asanathe.

Kwa owerenga anu amene anagwirapo ntchito ku Joni kapena amene akusamalira makolo otere, ndikupempha kuti asunge bwino makhadi a Wenela ndi Theba, nambala ya ku mgodi ndi mabuku onse a kuchipatala, angakhale ong'ambika. Akapita kuchipatala asadikire kufunsidwa, anene okha kuti anagwira ntchito pansi pa mgodi, atchule dzina la mgodiwo ndi zaka zimene anakhalako, ndipo apemphe dokotala kuti alembe zimenezo m'kabuku kawo.

Ine wanu,
Wogwira ntchito zachipatala,
Kasungu