Mawu oti "wamasulidwa" akutisokoneza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mawu amodzi omwe anatsala pang'ono kuphetsa munthu m'mudzi mwathu.

Chaka chatha mlongo wanga anamubera mbuzi ziwiri m'khola. Mnyamata wina anagwidwa ndi chikopa chikadali chachiwisi, atachibisa kuseri kwa nkhokwe. Patangotha masiku atatu tinamuona akupalasa njinga kumsika. Mbiri inawanda kuti wamasulidwa, akuluakulu adyapo, ndipo pofika madzulo anyamata ena anali atagula kale petulo wa m'kabotolo. Anawaletsa ndi amfumu, omwe anafotokoza kuti mnzawoyo wangotuluka pa belo, mlandu ukadalipo.

Tsiku la chigamulo ndinapita nawo kukhoti. Majisitireti anawerenga m'Chingerezi, womasulira n'kungoti wapezeka wolakwa koma azipita kwawo. Mlongo wanga anatuluka akunjenjemera ndi mkwiyo. Bambo wina wodziwa malamulo ndiye anatikokera pansi pa mtengo wa mango n'kutilongosolera kuti chilango chaperekedwa ndithu, kungoti chaimikidwa. Mnyamatayo akadzalakwanso m'nthawi imene khoti laika, akaseweza jere.

Taonani tsono. Wotuluka pa belo timati wamasulidwa. Amene khoti lamupeza wosalakwa, woti sangazengedwenso mlandu womwewo, timati wamasulidwa. Amene mlandu wake wachotsedwa kaye chifukwa mboni sizikubwera, woti atha kudzaitanidwanso, nayenso wamasulidwa. Wa chilango choimikidwa, chimodzimodzi. Zinthu zinayi zosiyana, mawu amodzi! Woberedwa akamva mawuwa amangoti boma lamutaya, ndipo mtima wofuna kulanga yekha umayambira pamenepo.

Kumasulira bwino n'kotheka, tinaona tokha. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko atathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, anagamulanso tanthauzo la mawu oti "majority" m'malamulowo, kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka la mavoti onse (50+1). Mawayilesi anawatafuna mawuwo mpaka mayi anga, omwe sanapite patali ndi sukulu, ankatha kufotokoza 50+1 pachitsime. Nanga mlandu wa mbuzi ulekerenji?

Ndikupempha a nthambi ya makhoti akhale pansi ndi akatswiri a ziyankhulo a ku Centre for Language Studies ku Zomba, agwirizane mawu a Chichewa a chigamulo chilichonse, omasulira onse azinena zofanana. Inunso atolankhani, mukamalemba kuti munthu wamasulidwa, muzitiuza kuti wamasulidwa motani.

Wowerenga wanu,
Ntcheu